Makomishoni a Boma, ndi Liu Limodzi la ku Norway

Mau amene mphunzitsi wina wopuma nchito analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi pa Lundazi

Ndidziwa kuti ena mwa inu mwapalasa njinga kucokera ku Chasefu ndi ku Lumezi, ndipo ena mwakwera kucokera kucigwa, kumene dzuwa la mwezi uno silicita cibwana. Cotero ndidzayesetsa kuti ndisakusungeni kufikira madzulo.

Mlembi wanu atandilembera kuti ndisankhe ndekha nkhani, ndinakumbukira mafunso amene ndafunsidwa kawirikawiri pa zaka zanga za nchito. Wailesi ikalengeza kuti mtsogoleri wa dziko waika komishoni yofufuza zakutizakuti, m'mawa mwake anyakwawa ndi makolo a ana amafika pa sukulu nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi komishoni nciani? Kodi ndi khoti? Tikakalankhula kumeneko sadzatimanga? Nanga tikalankhula, cidzasinthika nciani?" Mafunso atatu oyambawo ndi apafupi kuyankha. Lacinailo ndilo landisowetsa tulo, ndipo ndilo ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi lero.

Komishoni si khoti iai. Taganizani za mabanja awiri olimbirana malire a dimba. Mfumu yanzeru siweruza iri cikhalire pabwalo, koma imatuma nduna ziwiri kapena zitatu kuti zikayende pa malowo, zikaone zitsa ndi mizere yakale, zikafunse nkhalamba zimene zinaona woyamba kuswa mphanjeyo, ndipo zibwere kudzanena zimene zaona ndi zimene ziganiza. Ndunazo sizilanda munda wa munthu, ndiponso sizilipitsa mbuzi. Mphamvu yakugamula imatsala ndi mfumu. Momwemonso m'dziko lathu lino, monga mwa lamulo lochedwa Inquiries Act la caka ca 1967, Pulezidenti amasankha anthu, nawalembera malire a nchito yao. Iwo amayenda m'zigawo kumva anthu ndi kulandira makalata, ndipo potsiriza amalemba lipoti nalipereka kwa iye amene anawatuma. Pa nkhani zazikulu, monga za malamulo oyendetsera dziko, boma limayankha ndi cikalata cochedwa White Paper, m'mene limanena kuti ici tabvomera, ici takana.

Tsono mudzafunsa kuti dziko la Norway lilowapo bwanji pa nkhani imeneyi. Norway ndi dziko lozizira la kumpoto kwa Ulaya, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 5,500,000. Kwa zaka zambiri dzikolo linathandiza ndi ndalama pa nchito yosunga nyama m'cigwa ca Luangwa, kotero kuti anthu ake si alendo kwenikweni kuno kum'mawa. Tsiku lina ndinaceza ndi mmodzi wa iwo, galimoto yake itatitimira m'matope pafupi ndi sukulu yathu, ndipo poyembekeza anyamata okankha tinagwa m'nkhani ya makomishoni. Ndinamufunsa kuti kwao amaicha ciani. Iye anatola kamtengo nalemba pansi liu lakuti utvalg. Liuli liri ndi mbali ziwiri: ut ndiko kuti kunja, valg ndiko kuti kusankha, ndipo valg yemweyo ndiye dzina la cisankho ca aphungu. Cotero utvalg ndi anthu osankhidwa ndi kupatulidwa pakati pa anzao. Liu lakuti kommisjon nalonso ali nalo, koma amaligwiritsa nchito makamaka pakagwa tsoka lalikulu. La masiku onse ndi utvalg. Cimene cinandiseketsa ndi cakuti liu lomwelo amachulira katundu amene mwini sitolo wasankha kuyala pa thebulo. Ndinati mumtima, anthu awa ananena zoona mosadziwa, pakuti wogula amasankha pakati pa nsalu zimene zayalidwa, koma zotsala m'bokosi saziona.

Lipoti la anthu osankhidwawo amalicha utredning, kucokera ku mneni wotanthauza kumasula cinthu copiringizika ndi kuciyala bwino, monga mai amasulira ulusi umene mwana wausokoneza. Kuyambira caka ca 1972 malipoti otere amasindikizidwa mu mndandanda umodzi wochedwa Norges offentlige utredninger, mwacidule NOU, ndipo lipoti liri lonse liri ndi caka cake ndi nambala yake, monga ana m'kaundula wa sukulu. Ici cioneka cacing'ono, koma inu amene mumasunga kaundula mudziwa kuti mwana wolembedwa sangasowe popanda wina kufunsa. Lipoti lokhala ndi nambala nkobvuta kulibisa m'kabati, cifukwa munthu ali yense angathe kuliitanitsa, ndipo masiku ano angathe kuliwerenga pa intaneti osalipira kanthu.

Koma cimene ndifuna kuti mucigwiritse ndi cotsatira. Lipoti likatuluka, boma silithamangira kupanga lamulo. Limayamba lalitumiza kwa anthu kuti aliyankhe, ndipo mwambo umenewu amaucha høring, ndiko kuti kumvetsera. Nthawi yake kawirikawiri ndi miyezi itatu, ndipo siyenera kucepera masabata asanu ndi limodzi. Mabungwe a anchito, makhonsolo a m'maboma, mipingo, ngakhale mlimi payekha, onse ali ndi ufulu wolemba maganizo ao, ndipo mayankhowo amaikidwa poyera kuti yense aone zimene mnzake wanena. Pambuyo pake mpamene nduna imatengera nkhaniyo ku Storting, Nyumba yao ya Malamulo ya aphungu 169. Citsanzo cokhudza nchito yathu naci. M'caka ca 2013 boma linaika utvalg yotsogozedwa ndi Sten Ludvigsen kuti ione zimene ana adzafunika kudziwa m'tsogolo. Lipoti lao lalikulu, NOU 2015: 8, linati silabasi yadzala kwambiri, ndipo kuli bwino kuphunzitsa mitu yocepa koma mozama, kusiyana ndi kuthamangitsa ana pamwamba pa mitu yambirimbiri. Aphunzitsi anayankha, aphungu anakambirana, ndipo silabasi yatsopano inayamba m'caka ca 2020. Zinatenga zaka zisanu ndi ziwiri, koma mphunzitsi wa kumeneko angathe kulondola mapazi a nkhaniyo kuyambira pa funso kufikira pa buku limene liri m'manja mwake.

Tiyeni tibwerere kwathu, titanyamula liu lija lakuti osankhidwa. Pa komishoni iri yonse funso loyamba ndi ili: anasankhidwa ndani, anawasankha ndani, ndipo anatsala kunja ndani? Nchito yathu yomwe ya uphunzitsi inaumbidwa ndi komishoni. M'caka ca 1924 kunafika m'dziko muno komishoni ya Phelps-Stokes, yotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones. Ndalama zake zinacokera ku New York, koma inayenda mogwirizana ndi boma la ku London ndi mamishoni. Inalangiza kuti boma lilowe m'nkhani ya sukulu ndi kuthandiza mamishoni ndi ndalama, ndi kuti maphunziro akhale oyenerana ndi moyo wa kumudzi, monga ulimi, ukhondo ndi nchito za manja. Caka cotsatira boma linatsegula ofesi ya maphunziro a anthu akuda pansi pa G. C. Latham, ndipo pambuyo pake kunabadwa sukulu ya Jeanes ku Mazabuka, imene inasamukira ku Chalimbana mu 1939. Zabwino zinalipo ndithu. Koma mwa osankhidwawo munalibe mwana wa dziko lino, ndipo makolo amene anafuna kuti ana ao aphunzire kufikira patali, osati kungodziwa khasu ndi nsompho zimene anazidziwa kale, anadikira kufikira 1939 kuti aone sukulu ya sekondale ya Munali.

Funso laciwiri ndi lakuti, kodi osankhidwawo aloledwa kufunsa ciani? Apa mpamene pagona nkhani, pakuti wolemba malire a nchito ndiye wagwira cingwe ca mbuzi. Akulu amene muli pano munamva za komishoni ya Monckton ya caka ca 1960, imene boma la ku London linatuma kudzaona za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland. Zipani za UNIP ndi Malawi Congress zinauza anthu kuti asakaonekere pamaso pake, cifukwa m'kalata yoituma munalibe mau omveka olola kukamba zakuti dziko lituluke m'Citaganya, pamene ico ndico cokha anthu anafuna kunena. Komabe osankhidwawo anaona ndi maso ao kuti anthu akuda a maiko awiri a kumpoto anadana naco Citaganya kotheratu, ndipo m'lipoti lao la October 1960 analangiza kuti khomo lakutulukira likhalepo. Awiri mwa iwo, Wellington Manoah Chirwa ndi H. G. Habanyama, anakana kusaina pamodzi ndi anzao, nalemba lipoti laolao lonena mosapsatira kuti Citaganya sicingapitirire popanda cifuniro ca anthu. Sir Roy Welensky anapsa mtima kwambiri. Pa 31 December 1963 Citaganya cinatha. Apa mbuzi inadula cingwe, ndipo ngakhale kukhala cete kwa anthu okana kuonekera kunakhala umboni.

Sizitero nthawi zonse. M'caka ca 1972 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaika komishoni yotsogozedwa ndi waciwiri wake, Mainza Chona, pa nkhani ya boma la cipani cimodzi. Komishoniyo sinatumidwe kufunsa anthu ngati afuna cipani cimodzi kapena iai. Cimeneco cinali citagamulidwa kale. Inatumidwa kufunsa za maonekedwe ake okha, monga munthu amene wauzidwa kuti nyumba yako tiiphwasula, koma sankha wekha tsiku. Harry Nkumbula wa cipani ca ANC anakana kutengamo mbali, napita kukhoti, koma sanapambane. Ngakhale zinali conco, a Chona ndi anzao analemba malangizo ena anzeru: kuti munthu mmodzi asakhale pa mpando wa Pulezidenti kosalekeza, ndi kuti pa cisankho anthu apatsidwe maina angapo osankhapo. Boma linakana zonse ziwiri. Mu December 1972 dziko linakhala la cipani cimodzi, ndipo kufikira 1991 pa cisankho ca Pulezidenti tinkavotera dzina limodzi, inde kapena iai.

Komishoni imene inatikhudza ife a m'malire ndi ya John Mwanakatwe, amene anali mphunzitsi monga ife asanakhale nduna yoyamba ya maphunziro ya Zambia. Inaikidwa mu 1993 nipereka lipoti mu 1995. Inalangiza kuti malamulo atsopano oyendetsera dziko abvomerezedwe ndi msonkhano waukulu wa oimira anthu ndiponso ndi voti ya dziko lonse, osati ndi aphungu okha. Boma linakana langizo limenelo pamodzi ndi ena ambiri. Koma mwa amene linatola munali lakuti woima pa mpando wa Pulezidenti akhale munthu amene makolo ake onse awiri ndi mbadwa za Zambia, ndipo linalowa m'malamulo mu 1996. Onse anadziwa kuti muvi walunjika a Kaunda, amene makolo ao anacokera ku Nyasaland. Koma taganizani za kalasi lanu lomwe. Ndi ana angati amene mai wao anacokera ku Mzimba kapena ku Kasungu, kungodumpha mzere umene Azungu analemba pakati pa abale? Kwa zaka makumi awiri ana otere anali ndi denga pamutu pao limene anzao analibe, kufikira lamulolo linasinthidwa mu 2016. Umo ndimo mwini sitolo amasankhira za pa thebulo: lipoti ndi limodzi, koma boma limatolamo zimene lifuna.

Tsopano ndifika pa nkhani yolemera, imene ndi yathuyathu ya pano pa Lundazi, ndipo ndipempha kuti muimve ndi mtima wofatsa, pakuti m'cipinda muno muli adzukulu a mbali zonse ziwiri. Mpingo wa Lumpa unayamba ndi Alice Lenshina ku Kasomo, pafupi ndi Chinsali, m'caka ca 1953, ndipo pa zaka zocepa unafalikira kufikira kuno. Pofika 1963 panabuka udani pakati pa anthu a mpingowo ndi a cipani ca UNIP. A Lumpa anakana makhadi a cipani, nacoka m'midzi ya mafumu kukamanga midzi yaoyao yozingidwa ndi malinga. Nyumba za mapemphero zinatenthedwa, ndipo anthu anaphedwa uku ndi uku. Kumapeto kwa July 1964, miyezi itatu ufulu usanafike, nkhondo inayamba ku Chinsali pakati pa a Lumpa ndi apolisi ndi asilikari. Mbandakuca wa pa 3 August a Lumpa anagwera boma la Lundazi lino ndi midzi yoyandikana nalo, ndipo anthu oposa zana anafa. Tsiku lomwelo mpingowo unaletsedwa. Asilikari anagwera mudzi wao wa Chipoma, ndipo patapita masiku ocepa, ku Paishuko, anthu a m'midzi anabwezera mwa kupha a Lumpa makumi angapo, akazi ndi ana omwe. Ine ndinali kamnyamata. Cimene ndikumbuka ndi kugona m'bango ku dambo, mai atanditseka pakamwa ndi dzanja. Lenshina anadzipereka kwa boma mwezi womwewo, ndipo zikwi za omutsatira zinathawira ku Congo.

Boma latsopano linaika komishoni yofufuza za mpingowo, ndipo lipoti lake linasindikizidwa m'Cingelezi ku Lusaka m'caka ca 1965. Ciwerengero ca boma ca anthu akufa pa nkhondo yonseyo cinaposa 700, ndipo olemba mbiri amene anafufuza pambuyo pake amati analipo ambiri koposa apo. Mpingo unakhalabe woletsedwa. Lenshina anakhala m'manja mwa boma zaka zambiri, namwalira ku Lusaka mu December 1978. Pamenepa bvuto lija la osankhidwa lioneka poyera, pakuti boma lotuma komishoniyo linali la cipani cimene cinali mbali imodzi ya mkanganowo, ndipo mfumu ikakhala kuti dimbalo ndi la mphwake, nduna zake zimayenda mosamala. Koma cimene cindiwawa koposa si cimeneco. Ndaphunzitsa m'masukulu asanu a dera lino, ndipo sindinaonepo lipoti limenelo m'kabati ya sukulu ngakhale imodzi, kapena kumva kuti linawerengedwa pabwalo la mfumu m'Citumbuka kapena m'Cinyanja. Anthu amene anaika maliro aja sanamve zimene dziko linalemba za akufa ao. Ana athu amaidziwa nkhaniyi mwa manong'onong'o a kumphala, banja liri lonse ndi mbali yake.

Linganizani ndi zimene anacita a ku Norway tsoka litawagwera. Pa 22 July 2011 munthu mmodzi anaphulitsa bomba pa maofesi a boma mu Oslo, napita pa cisumbu ca Utøya kukaombera acinyamata amene anali pa msasa. Onse akufa anali 77. Boma linaika komishoni yotsogozedwa ndi mai wina wodziwa malamulo, Alexandra Bech Gjørv, ndipo pa 13 August 2012 lipoti linatuluka ndi nambala yake, NOU 2012: 14. Silinanyengerere amene analituma. Linati bomba lija likadapewedwa boma likadacita zimene linali litagwirizana kale za kutseka mseu wa pa maofesiwo, ndi kuti apolisi akadatha kufika pa cisumbu msanga. Patangopita masiku atatu mkulu wa apolisi a dziko lonse anatula pansi udindo, ndipo nduna yaikulu, Jens Stoltenberg, inapepesa pamaso pa aphungu. Akufa sanauke, koma ofedwa anagwira bukulo m'manja, m'cilankhulo cao, naona kuti cimene cinalakwika calembedwa ndi dzina lake.

Musaganize kuti ndiri kunena kuti makomishoni athu ndi acabe. Lipoti lokanidwa lifanana ndi mbeu yosungidwa m'cikwatu pa mtengo: caka cino sinabzalidwe, koma iripo. Komishoni ya Mung'omba, imene Pulezidenti Levy Mwanawasa anaika mu 2003, inapereka lipoti mu 2005 nilangiza kuti Pulezidenti azisankhidwa ndi mavoti oposa theka, ndi kuti waciwiri wake aziima naye pamodzi pa cisankho, kuti asamacotsedwe monga wanchito wa m'nyumba. Nthawi imeneyo malangizowo anagonekedwa. Koma mipingo, maloya ndi olemba nyuzi sanaleke kuwachula, popeza anali olembedwa ndipo munthu akanatha kuloza tsamba lake, kufikira mu January 2016 onse awiri analowa m'malamulo a dziko. Ngakhale langizo la a Chona la malire a nthawi ya Pulezidenti linadzuka mu 1991, patapita zaka 19. Mau amene mlimi wa kwa Mwase kapena wa kwa Magodi alankhula pamaso pa komishoni angaoneke ngati atayika, koma ngati alembedwa bwino, mdzukulu wake angathe kuwapeza.

Pali nkhani ina imene ikutsatani m'kalasi tsiku ndi tsiku, ndiyo ya cilankhulo. Mu 1963 kunabwera akatswiri otumidwa ndi UNESCO, otsogozedwa ndi W. C. Radford wa ku Australia, nalangiza kuti ana aziphunzitsidwa m'Cingelezi kuyambira kalasi loyamba, ndipo boma linatsata langizolo kuyambira 1966. Mu 1976 boma linafunsa dziko lonse za kukonzanso maphunziro, ndipo cikalata coyamba cinati ana ang'ono ayambe ndi cilankhulo ca kwao. Koma cikalata cotsiriza ca 1977 cinasunga Cingelezi. Mu 2014 zilankhulo za kuno zinabwezedwa m'makalasi anai oyamba, ndipo ndondomeko ya 2023 inakankhiranso Cingelezi patsogolo. Pa kusinthasintha konseko, zilankhulo zosankhidwa zinakhalabe zisanu ndi ziwiri, ndipo Citumbuka, cimene ana ambiri a dera lino amayamwa kwa amao, siciri pa thebulo. Ine ndemwe ndiri kulankhula nanu m'Cinyanja, ngakhale ambiri tikatuluka panja tidzapatsana moni wina. Pa nkhani iyi a ku Norway alibe podzitamira. Kwa zaka zoposa zana, kuyambira ca m'ma 1850, boma lao linakakamiza ana a mitundu ya Sami ndi Kven kusiya zilankhulo zao, ndipo cida cacikulu ca nchito imeneyo cinali sukulu ndi mphunzitsi. Mu 2018 aphungu anaika komishoni yotsogozedwa ndi Dagfinn Høybråten kuti ifufuze coonadi, ndipo lipoti litaperekedwa pa 1 June 2023, linawerengedwa mokweza lonse lathunthu m'nyumba yaikulu ya masewero mu Oslo, anthu akulandizana usana ndi usiku kwa maola oposa 30, dziko liri kumvetsera. Mu November 2024 Storting inapepesa. Anthu odziwa kuwerenga onsewo anaona kuti nkhani yotere iyenera kumveka ndi makutu. Nanga kuli bwanji ife, amene nkhani zathu zonse zimathera pabwalo?

Ndisanakhale pansi ndiyenera kuulula colakwa canga, kuti inu musadzacibwereze. Caka cina komishoni ina inakhala pa boma, ndipo ine ndinapemphedwa kumasulira. Panaimirira mai wina wokalamba, wamasiye, amene abale a mwamuna wake anamulanda munda ndi ng'ombe maliro asanathe nkomwe. Analankhula m'Citumbuka mau akuthwa, nachula ndi akulu ena amene anaona zonsezo nakhala cete. Ine ndinayang'ana mabwana obvala masuti, ndinayang'ananso akulu a kwathu amene anakhala kutsogolo, ndipo manyazi anandigwira. M'malo mwa mau ake ndinanena m'Cingelezi cosalala kuti maiyu apempha boma kuti liganizireko akazi amasiye. Mlembi analemba mzere umodzi, ndipo wapampando anathokoza. Potuluka mai uja anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, ine ndalankhula nthawi yaitali, koma iwe wanena pang'ono. Kodi Cizungu ncacifupi cotero?" Ndinasowa coyankha. Tsiku limenelo wosankha za pa thebulo sanali Pulezidenti kapena nduna. Ndinali ine, mphunzitsi, ndipo zimene maiyo anayendera mtunda wautali kudzanena zinatsala m'bokosi.

Cifukwa cake ndikupemphani, aphunzitsi anzanga, komishoni ikadzamveka kuti iri kubwera, yambani mwafunafuna kalata yoituma, muiwerenge, ndipo muuze anthu mosabisa zimene yaloledwa kufunsa ndi zimene sinaloledwe, kuti asapite ndi mlandu wa ng'ombe kwa anthu otumidwa za mseu. Auzeni kuti si khoti, ndi kuti sidzawapatsa yankho tsiku lomwelo. Mukapemphedwa kulemba kalata ya mudzi, musalembe maganizo a anyakwawa ndi anu okha; khalani pansi ndi azimai padera, pakuti pamaso pa apongozi ao sadzatsegula pakamwa. Mukamasulira, nenani zimene munthu wanena, zowawa ndi zokoma zomwe, ndipo ngati mau ake ali ndi mwambi, masulirani mwambiwo, musaupeputse. Kalata iri yonse muilembe pawiri, imodzi ipite, ina itsale m'buku la zocitika za pa sukulu, pamodzi ndi tsiku lake. Ndipo lipoti likadzatuluka, pamene ambiri amayesa kuti nchito yatha, bungwe lathu liitanitse kope, tiliwerenge, tione ngati mau a kwathu alimo, ndi kulembera phungu wathu ngati mulibe. Høring imene boma silinatikonzere tingathe kuiyamba tokha pansi pa mtengo wa pa sukulu.

A Pampando, ndiri ndi pempho limodzi loti lilembedwe m'maminiti. Ku Lusaka kuli nyumba yosungiramo makalata akale a dziko, National Archives. Ndipempha kuti mmodzi wa ife amene adzapite kumeneko pa chuthi cikudzaci akafunse lipoti lija la 1965 la mpingo wa Lumpa, ndipo bungwe lilipire mtengo wa kulijambula. Likafika, ine ndidzayamba kulimasulira m'Cinyanja pamene maso anga akali kuona, ndipo ndidzafuna awiri mwa inu odziwa bwino kulemba Citumbuka kuti tigawane masamba. Za kumene tidzayambire kuliwerenga, ndi mafumu amene tiyenera kuyamba tawaona, tidzapangana pa msonkhano wa cigawo ca mawa.